Galimoto Yolengezedwa Katatu

Amene ankakhala ku Area 25 m'chaka cha 1996 akukumbukira bwino nkhani ya a Ezekiel Msowoya, mlembi wa mpingo amene analengeza galimoto m'tchalitchi ngati ukwati. Ena mpaka lero amati mkuluyo mutu unali utayamba kusokonekera. Bodza lenileni! Mutu wa a Msowoya unkagwira kuposa wanga ndi wanu. Chimene chinkawadya ndi mantha, ndipo manthawo anachita kudziphikira okha.

A Msowoya anagwira ntchito yosunga katundu wa boma kwa zaka 27, ndipo pa zaka zonsezo sipanasowe ngakhale tsache. Mpando uliwonse, tebulo lililonse, ndowa iliyonse inali ndi nambala yake, ndipo manambalawo ankawadziwa pamtima kuposa masiku obadwa a ana awo. Matenda amenewa ankapita nawo mpaka kunyumba za anthu. Mukawapatsa mpando, ankayamba apisa dzanja kunsi kwake, kupapasa ngati pali nambala ya boma, kenako n'kukhalapo, n'kuyamba kufunsa za moyo. Anthu ankang'ung'udza, koma ankawalemekeza. Ku 25 konse, ukangoti "a Msowoya" aliyense ankadziwa kuti ukunena munthu amene sanagwirepo chinthu chakuba. Anzawo anatuluka m'boma ndi nyumba ndi minda, iwo anatuluka ndi dzina limenelo basi.

Tsono zaka zimenezo, matipate atangobwera, magalimoto ochokera ku Joni anangoti mbwee m'tauni, onyezimira, otchipa mokayikitsa. A Amos Gondwe, mkulu wa mpingo mnzawo, anagula imodzi yofiira. Anaidyerera miyezi iwiri yokha. Tsiku lina la Sabata anthu akutuluka m'mapemphero anapeza apolisi atatu ataizungulira, boneti ili yasa. Inali yobedwa. A Gondwe analumbira kuti sankadziwa kanthu, ndipo mwina sankadziwadi, koma akulu a mpingo atakhala pansi kuti aweruze, amene anaimirira chala chili m'mwamba anali a Msowoya.

"Munthu wamkulu, wopita kusukulu, ungagule bwanji chinthu osafufuza?" anatero. "Kusafunsa n'kuba komwe!"

A Gondwe anaimitsidwa ukulu wa mpingo kwa chaka chathunthu, n'kumakhala pabenchi yakumbuyo pamodzi ndi ochedwa. Sanakangane ndi munthu. Anangowapeza a Msowoya pakhomo la vesitili, n'kuwagwira chanza bwinobwino.

"Zikomo, akulu," anatero. "Nanunso mudzagula yanu. Tidzabwera kudzaona."

Mawu amenewa anawakhala a Msowoya pakhosi. Akadakhala okha, bwenzi atafa osagula ngakhale njinga. Koma atangopuma ntchito, akazi awo a Betty anayamba nyimbo ya galimoto, m'mawa, masana, mpaka pothira madzi osamba.

"Awiske Lumbani," ankatero a Betty, poti kwawo ku Rumphi mwamuna amamuitanira dzina la mwana woyamba, "maondo angawa atha ndi minibasi. Dzulo kondakitala akundiuza kuti, 'Mami, tadzichepetsani.' Ndidzichepetse ndipite kuti ine? Kodi tikwera minibasi mpaka kumanda?"

Galimoto inapezeka ku Mgona, kwa munthu wina wa ku Ntcheu dzina lake Saulos Kamphinda. Anali mmodzi wa anthu aja amene lero akugulitsa matabwa, mawa wailesi, mkuja nkhumba, ndipo ukawafunsa ntchito yawo amangoti "timathamangathamanga". Inali Datisani yachikasu, nambala BF 3172, itaimikidwa kuseri kwa nyumba, itafunditsidwa mphasa ndi masaka.

"Mwaifunditsiranji chonchi?" anafunsa a Msowoya.

"Dzuwa, bambo. Limadya penti."

Saulos ankaganiza kuti wapeza kasitomala, osadziwa kuti wapeza mayeso. A Msowoya anabwera ndi faelo, kope, pensulo ndi tochi. Anaitanitsa bulubuku, kabuku kaja kolembedwa dzina la mwini galimoto ndi manambala ake. Anayala nyuzipepala pansi, n'kulowa kunsi kwa galimoto ndi suti yomwe, nsapato zokha zili kunja. Atapeza nambala ya chasisi anaikapo pepala, n'kukhutiza ndi pensulo mpaka manambala anatuluka, ndiye anawafananiza ndi a m'bulubuku, imodziimodzi, mokweza, katatu. Nambala ya injini anaichita chimodzimodzi. Zonse zinagwirizana. Kenako chala chawo chinaima pa dzina.

"Apa palembedwa Ephraim. Inu mwati ndinu Saulos."

Saulos anavula chipewa, nkhope n'kugwa. "Achimwene anga amenewo, bambo. Anatisiya mu Febuluwale."

Anatulutsa kalata yonena kuti akubanja agwirizana zoti katundu wa malemu akhale m'manja mwa Saulos. Pansi pake anthu asanu anali atadinda zala, ndipo pambali panali chidindo chachikulu cha kumudzi kwawo.

"Nanga malemuwo analibe mkazi?"

"Analipo. Tinamusudzula bwinobwino mwamwambo, anabwerera kwawo ku Dedza."

A Msowoya anapepesa maliro, n'kulemba m'kope kuti dzina lalongosoka. Munthu ameneyu, likachoka Baibulo, chotsatira kuchikhulupirira chinali chidindo. Pepala likakhala ndi chidindo, mafunso awo ankathera pomwepo.

Kupolisi anapita Lachiwiri, Saulos akuyendetsa. Anakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika paliwombo. Wapolisi anatsegula chibuku cha magalimoto obedwa, n'kuyendetsa chala tsamba ndi tsamba, kenako n'kutuluka kukaona manambala ndi maso ake.

"Palibe amene anabwera kudzadandaula za galimoto imeneyi, bambo. Gulani ndi mtima umodzi."

Anawalembera kalata n'kudinda. A Msowoya anaiyang'anitsitsa padzuwa, n'kupempha mwaulemu kuti adindenso, poti inki sinagwire bwino mbali ya kumanzere. Wapolisiyo anawayang'ana nthawi yaitali, n'kudinda kachiwiri mwamphamvu moti tebulo linalira.

Munthu wina aliyense akadaigula tsiku lomwelo. Koma a Msowoya anali atamva kuti akuba a masiku ano amapala nambala n'kukhomapo ina, ndiye anapita nayo ku Biwi, kwa makaniko wina dzina lake Abdullah, amene anthu ankati galimoto amaidziwa ndi fungo lomwe. Abdullah anapukuta chitsulo ndi petulo, anapapasa ndi chala, anagogoda ndi sipanala, n'kudzuka akudzipukuta m'manja.

"Nambala iyi inachoka nayo kufakitale. Palibe anaigwirapo."

"Ndiye kuti si yakuba?"

"Aaa, ine sindinatero, bambo. Ndati nambala ndi yeniyeni. Ine ndimaona zitsulo basi. Za anthu, kafunseni anthu."

Kafunseni anthu! Anthu ake ati? Lilongwe yonseyi, kuyambira ku Chinsapo mpaka ku Kanengo, munthu angayende khomo ndi khomo? Masiku atatu a Msowoya anangokhala khuma pakhonde, tiyi n'kumazizirira m'kapu. Akangotseka maso ankaona boneti ili yasa pabwalo la tchalitchi, a Gondwe ataima chapatali, manja kumbuyo, akumwetulira.

Nzeru inawafikira Loweruka masana akukopera zolengeza za mawa lake. Panali maukwati awiri. Analemba mawu amene anakhala akuwalemba kwa zaka khumi ndi zisanu, aja akuti ngati alipo wina wodziwa chifukwa choletsa, ndipo cholembera chinangoima chokha. Anavula magalasi. Kodi mpingo umatani ukafuna kudziwa ngati mnyamata sanasiye mkazi wina ku Kasungu? Supita kupolisi ayi. Umalengeza katatu pamaso pa anthu, ndipo Sabata lachitatu likadutsa popanda woimirira, palibenso amene angadzatsegule pakamwa. Madzulo omwewo anakamuuza Saulos kuti adikire masabata atatu. Saulos anadandaula kwabasi, koma wogula wina wosanenerera mtengo akadamupeza kuti?

M'mawa mwake, atatha kulengeza maukwati awiri aja, a Msowoya anakonza kukhosi, n'kupitiriza ndi liwu lomwelo, osasintha ngakhale pang'ono.

"Ndikulengezanso, kulengeza koyamba, kuti ine Ezekiel Msowoya wa mpingo uno ndikufuna kugula galimoto ya mtundu wa Datisani, yachikasu, nambala yake BF 3172. Ngati alipo wina wodziwa chifukwa choletsa kuti galimotoyi ikhale yanga, aimirire anene."

Kenako mayi wina wa kwaya anayesa kubisa phwete m'buku la nyimbo, linamupulumuka, ndipo tchalitchi chonse chinafa nako kuseka. Madikoni anagwira m'mimba. Abusa anaweramira m'Baibulo, mapewa akugwedezeka. A Msowoya anadikira kuti phokoso lithe, nkhope ili gwa, n'kuwerenga za msonkhano wa amayi a Chigwirizano Lachinayi.

M'vesitili abusa anayesa kuwalangiza. "A mlembi, galimototu si mkazi."

"Zoona, abusa. Koma mwezi watha ndinalengeza ambulera yotayika, ndipo mu Epulo ndinalengeza mbuzi ya a Nyasulu. Ngati tinalengeza mbuzi, Datisani yalakwanji?"

Abusa anangotenga Baibulo lawo n'kutuluka.

A Betty ndiye anakana kuyenda nawo limodzi pobwerera kunyumba. Anatsogola, maondo owawa aja atachira mwadzidzidzi.

"Mwandivula pagulu, awiske Lumbani! Amayi anzanga akundifunsa ngati ndavomera mitala."

Nkhaniyo inakwera minibasi. Pofika Lachitatu inali itazungulira misika yonse ya m'tauni, aliyense akuwonjezerapo mchere wake. A Msowoya akafika pasiteji, makondakitala ankakuwa kuti, "Apatseni mpando wakutsogolo akwati!" Wogulitsa makala anawafunsa tsiku la chinkhoswe. Anzawo a kumpoto anafuna kudziwa kuti Datisani amailowola ndi ng'ombe zingati. Zinkawapweteka, tisaname, munthu amene moyo wake wonse anthu ankamuvulira chipewa. Koma ankadzilimbitsa mtima kuti bola kusekedwa masabata atatu kusiyana ndi kukhala chaka pabenchi yakumbuyo.

Sabata lachiwiri linadutsa, woimirira panalibe. Saulos naye nkhaniyo inamupeza, ndipo anabwera kunyumba akuseka mpaka misozi.

"Bambo, inu ndinu munthu wa Mulungu zedi! Sabata likubwerali ndibwera nayo konko, anthu aione, abusa aipempherere."

Anagwirizana kuti atero, koma malonda enieni adzachitike Lolemba, chifukwa pa Sabata a Msowoya sankagula ngakhale machesi.

Sabata lachitatu tchalitchi chinadzaza ngati pa Khirisimasi. Kunabwera anthu amene abusa anali asanawaone chiwabatizireni. Datisani inaima pansi pa mtengo itatsukidwa, ikuwala, ndipo munthu wina wopanda ntchito anali ataimangirira maluwa paboneti. Saulos, atavala jekete lobwereka, anapereka makiyi ndi bulubuku kwa a Msowoya pakhomo penipeni kuti aliyense aone, n'kukakhala kutsogolo ngati nkhoswe. A Betty anali atavala chilundu chatsopano. Mkwiyo unali utatha, poti galimoto anali ataiona ndi maso.

"Kulengeza kachitatu, komaliza," anatero a Msowoya, ndipo anawerenga zonse bwinobwino, nambala yomwe. "Ngati alipo wina wodziwa chifukwa choletsa kuti galimotoyi ikhale yanga, aimirire anene."

Anali ndi chizolowezi chowerenga chamumtima mpaka pa zisanu asanatseke buku. Anafika pa zinayi.

"Ndilipo."

Mawuwo anachokera kumbuyo, mbali ya amayi. Makosi onse anatembenuka. Anali ataimirira mayi wina wochepa thupi, wovala duku lakuda ndi bulauzi yakuda yosuluka, munthu amene palibe ankamudziwa. Ena anayamba kuseka, kuyesa kuti ndi sewero lokonzekera. A Msowoya sanaseke. Zaka khumi ndi zisanu akulengeza maukwati, panali pasanaimirirepo munthu, ndiye chochita munthu akaimirira sankachidziwa. Anayang'ana m'buku, m'bukumo munalibe.

"Ne... nenani, mayi."

"Dzina langa ndine Jemima, mkazi wa malemu Ephraim Kamphinda. Ndimagulitsa matimati pamsika wa ku 23. Nkhani yanu ndaimva Lachinayi, mayi wina akusimba posankha matimati, za mkulu wa mpingo amene akukwatira galimoto. Nanenso ndinaseka, bambo. Ndinaseka kwambiri, mpaka pamene anatchula nambala."

Panalibenso woseka. Saulos anali atatsetsereka pabenchi mpaka kungotsala chipewa.

"Amuna anga tinawaika Lachiwiri," anapitiriza mayiyo, mawu ali phee, osanjenjemera. "Lachisanu alamu anga awo anabwera ndi lole. Anatenga bedi, mipando, wailesi, makina anga osokera, mpaka mapoto. Galimoto anati akukaitsukitsa, poti inanyamula nkhuni za pamaliro. Mpaka lero akutsukabe."

Amayi a Chigwirizano anati "Hiii!" onse pamodzi.

Saulos anadzambatuka. "Nkhani ya m'banja imeneyi! Mkazi ameneyu tinamusudzula, amayenera kukhala ali kwawo! Katundu wa m'bale wanga ndi wa kwathu, mwambo wathu umatero. Kalata ilipo, yodinda!"

Anthu oterewa ine amandinyansa. Pamaliro amalira mokweza kuposa aliyense, diso limodzi likuwerenga mipando. Koma kalatayo inalipodi, ndipo inali m'faelo ya a Msowoya, pansi pa kalata ya apolisi yodinda kawiri. A Msowoya anagwiritsitsa faeloyo.

"Mayi," anatero, "kupolisi anandiuza kuti palibe anadandaula."

"Ndikamusumire bwanji m'bale wa bambo a ana anga? Mawa mwana akadwala, ndidzauza ndani?"

"Nanga... muli ndi pepala lililonse?"

Ngakhale iwo eni anamva kuti funsolo latuluka lopanda mchere. Mayiyo anapisa dzanja m'khosi mwa bulauzi, n'kutulutsa chingwe chakuda ndi thukuta. Kumapeto kwake kunkalendewera kiyi mmodzi.

"Pepala ndilibe, bambo. Anatenga ndi sutikesi yomwe. Ndili ndi uyu basi."

Abusa anaona kuti zinthu zafika poipa, anadumpha nyimbo ziwiri ndi ulaliki womwe, n'kupereka mdalitso mothamanga. Anati nkhaniyi ikakambidwe m'vesitili. Koma ndani akadapita kuvesitili? Mpingo wonse unakhamukira panja, chifukwa mayi uja anali atalunjika pansi pa mtengo. Anafika pa Datisani, analowetsa kiyi wake pachitseko cha kumanzere, chitseko n'kutseguka bwinobwino. Analowa, anakhala, anaika kachikwama kake pamiyendo, n'kutseka. Sanalire. Anangotenga nsonga ya chitenje n'kuyamba kupukuta galasi la kutsogolo chamkati, pang'onopang'ono.

Abusa anagogoda pawindo. "Mayi, tatulukani tikambirane."

"Pepani abusa, sindituluka. Kuyendetsa sindidziwa, ndiye sindithawa nayo. Koma malo anga ndi ano. Zaka zisanu ndi zitatu ndakhala pampando uno popita kukapikula matimati ku Lizulu."

Akulu a mpingo anawazungulira a Msowoya, aliyense ndi nzeru zake. Wina anati mapepala onse ali bwino, lamulo lili kumbali yawo, agule basi, za m'banja la eni n'za eni. Wina anati ayi, angobweza makiyi kwa Saulos, asambe m'manja, azipita kwawo dzina lili loyera. Nzeru yachiwiriyi inawakomera a Msowoya. Sanagule kanthu, sanalakwe kanthu, ndipo kufufuza anafufuza kuposa munthu aliyense chiyambire Lilongwe. Akangopereka makiyiwo, mawa anthu adzati, mwaona, a Msowoya sapusitsidwa. Zoti madzulo omwewo Datisani ikafunditsidwanso mphasa kwina kumene mayiyu sadzakupezanso, imeneyo sinali nkhani yawo.

Saulos anali atatambasula kale dzanja. "Bweretsani makiyi anga ndi bulubuku. Ndipo ndikuchenjezeni, madala, mukangoisuntha galimoto imeneyi osalipira, mwaba. Ndikukaitana apolisi pompano, akumangeni anthu onsewa akuona."

Mawu akuti apolisi anawalowa a Msowoya m'mafupa. Anayamba kutulutsa makiyi m'thumba.

Ndi pamene anamva munthu akuwakoka jekete. Anali a Betty, amene anayamba nyimbo yonseyi, atavala chilundu chawo chatsopano chokwerera galimoto. Sanakweze mawu.

"Awiske Lumbani, mukadzatsogola inu, abale anu adzabwera ndi lole yomweyo. Ndiye tsiku limenelo ndidzafuna munthu mmodzi yekha woti asadzafunse pepala." Anawasiya jekete. "Ine ndiyenda pansi. Maondo ndi anga."

A Msowoya anawayang'ana akazi awo. Anayang'ana faelo, ntchito ya mwezi wathunthu, yokonzedwa bwino, tsamba lililonse pamalo pake. Anachita manyazi, manyazi enieni, oposa a masabata atatu onse aja. Analowa kunsi kwa galimoto ndi suti, anavutitsa wapolisi, anapita mpaka ku Biwi, koma za munthu wamoyo anafunsa funso limodzi lokha n'kukhutira ndi yankho la wogulitsa. Anapatsira abusa faeloyo ngati akuwapatsa mwana woti abatizidwe. Anazungulira galimoto, anatsegula chitseko cha dalaivala, n'kukhala. Bulubuku anaiika pamiyendo pa mayi Jemima, pamwamba pa kachikwama.

"Dzina lili m'menemo ndi la amuna anu. Sungani."

Tsono a Msowoya laisensi anali nayo, koma chiwongolero anachigwira komaliza mu 1981. Analiza injini, galimoto inadumpha ngati chule n'kuzima. Analizanso, inabwerera m'mbuyo, madikoni n'kubalalika. Kachitatu inagwira, n'kuyamba kuyenda monjenjemera kulunjika kugeti, maluwa aja akugwedezeka paboneti. Amayi a Chigwirizano anayamba nthungululu, abusa n'kumawaletsa ndi faelo.

Saulos anathamangira pambuyo, jekete lobwereka likuuluka.

"Wakuba! Wakuba! Gwirani wakubayo!"

Mukudziwa mmene mawu amenewo amagwirira ntchito ku 25. Zitseko zinatseguka mbali zonse. Anthu anatuluka ndi mipini, ena ndi miyala, wina ndi mthiko uli ndi phala lake. Anayang'ana kumtunda, anayang'ana kumunsi. Chimene anaona ndi mkulu wa imvi, wa suti ndi tayi, ataweramira pachiwongolero, akuyenda liwiro loti nkhuku inkawoloka kutsogolo kwake osafulumira, pambali pake pali mayi wa zakuda. Ambiri anawazindikira. Ena anatsitsa miyala, ena anangoigwira osadziwa chochita nayo, ndipo dzina linayamba kuyenda pakamwa ndi pakamwa m'mbali mwa msewu: a Msowoya, a Msowoya aja, akuti aba galimoto kutchalitchi.

Iwo anamva zonse, poti windo linali lotsegula. Mawu amene anawathawa moyo wawo wonse ankawatsata pambuyo masana dzuwa likuswa mtengo, pa Sabata, anthu a m'dera lawo akumva. Ankadziwa kuti mwina lero lomwe agona kupolisi, ndipo kuti akulu a mpingo adzakhala pansi, wina n'kuimirira chala chili m'mwamba.

Mayi Jemima anacheuka, n'kuona Saulos akukuwabe m'fumbi. Anayang'ana mkulu wachilendoyo, ndipo apa m'pamene misozi inayamba kutsika.

"Bambo, akunenatu inu."

"Ndamva, mayi," anatero a Msowoya, akulimbana ndi giya yachiwiri. "Tsekani windo, fumbi lingakulowereni. Ku 23 mumakhala chakuti?"